Kabawuti ka Sitima ya Amalume

Kabawuti kameneko kanali kochepa kuposa njere ya therere. Kanali kakuda, kopanda mutu, kokhala ndi kamng'alu pamwamba polowetsa sikuludilaiva. M'bokosi lachitsulo limene amalume anabwera nalo kuchokera ku Joni munali mabawuti ndi manati ambirimbiri ofanana, koma aka kanalibe mnzake. Ntchito yake inali kugwira giya yaing'ono pa mota kuti isaterereke. Popanda iko mota ikanangolira pachabe, mawilo ali duu.

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi. Anakhala zaka zambiri m'migodi, akuyendetsa kasitima ka magetsi kokoka miyala pansi pa nthaka. Anafika kwathu, kumapiri a kufupi ndi Malomo, mvula yoyamba itangogwa, ali ndi sutikesi imodzi, bokosi lija ndi chifuwa. M'bokosimo munali mutu wa sitima ya magetsi, koma uli zidutswazidutswa: timapuleti tobiriwira tobooka mabowo, mawilo onyezimira, njanji zazifupi zolumikiza, ndi kamkono kopindika kokhala padenga kokokera magetsi pa waya. Anati anagulira mwana wamwamuna amene ankayembekeza kudzabala. Mwanayo sanabadwe, ndiye mwayi unagwera ine.

Kwathu kunalibe magetsi, kunalibenso njanji. Sitima ndinali nditaiona pa chithunzi chokha m'buku la kusukulu. Koma pasanathe sabata ndinali nditayamba kale kufotokozera anzanga mmene sitima imayendera, ndi mawu a munthu amene anabadwira m'sitima momwemo. Khalidwe limeneli sindinalisiye, anzanga angachitire umboni.

Chifuwa cha amalume sichinali cha chimfine. Chinkachokera pansi, ngati munthu akukokera khasu pa miyala. Kansalu kamene ankatsekera pakamwa amayi ankakachapa pakokha, kuseri kwa bafa, ndipo madontho ofiirira amene ndinkawaona ndinkati ndi dothi la katondo. Tsiku lililonse amayi ankanena za chipatala cha ku Madisi. Tsiku lililonse amalume ankatchula anzawo a ku mgodi amene analowa m'zipatala ndi miyendo yawo natuluka atanyamulidwa.

"Iwowo anapita mochedwa, achimwene," amayi ankatero.

Pomaliza, tsiku lina tili pakhonde, amalume anagonja, kapena tinkaganiza kuti agonja. "Ndipita, mlongo wanga. Koma sitimayi iyambe yayenda."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Wamva? Zala zako n'zazing'ono. Fulumira."

Kuyambira pamenepo sitima ija inasiya kukhala choseweretsa. Manja a amalume ankanjenjemera moti sakanatha kulowetsa nati pa bawuti, choncho iwo anali maso, ine ndinali manja. Ndikaweruka kusukulu amayi ankandimasula pa ntchito yosoka fodya kuchigafa, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire changa. Ndinkakhala pamphasa, kasipanala kali m'manja, fungo la fodya wofota likubwera ndi mphepo, mvula ikudontha kuchokera pa udzu wa denga. M'bokosimo munali kabuku ka zithunzi, kolembedwa Chingerezi ndi Chibunu. Ndinkawerenga mokweza zilankhulo zonse ziwiri, osamva ngakhale chimodzi, amalume n'kumagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru.

Koma ntchito sinkayenda. Ndikamanga mbali imodzi ya thupi la sitima, amalume ankainyamula, n'kuiyang'ana ndi diso limodzi.

"Masula, mphwanga. Chapendekeka."

Ndinkamasula.

"Sitima yopendekeka imapha anthu pansi," ankatero, ine n'kuyambanso.

Masiku ena ankati kunja kwada ndi mitambo, tingalakwitse. Masiku ena ankati dzuwa lawala kwambiri, zitsulo zikuthobwa m'maso. Ine ndinkati ndi mmene amisiri enieni amachitira, ndipo ndinkanyadira. Amayi akamadutsa ndi mtolo wa fodya pamutu sankayang'ana amalume, ankayang'ana sitima, kuwerenga ndi maso zimene zatsala. Madzulo ankandifunsa motsitsa mawu, "Lero mwafika pati?" Ndikati tamasulanso denga, ankaluma mlomo wam'munsi.

Tizitsulo tating'ono tinkatiika m'lichero kuti tisabalalike. Apa ndi pamene tinalakwitsa, chifukwa nkhuku ya kumudzi ikaona lichero imadziwa chinthu chimodzi chokha. Ndikangolitulutsa zinkathamanga kuchokera kuseri kwa nkhokwe, patsogolo pali tambala wofiira, yekhayo pakhomo pathu, amene amayi ankamusungira Pasaka. Dzanja limodzi ndinkamanga, lina ndikuingitsa.

Ngakhale tinkamasulamasula chotero, tsiku linafika pamene panalibenso chopendekeka. Mawilo anali pamalo pake, mota ili m'mimba mwa sitima, kamkono kali padenga. Chimanga chinali chitamasula m'minda. Amalume anali atasiya kufika ngakhale kuchigafa, ndipo jekete yawo ya ku Joni inkaoneka ngati yobwereka. Kunangotsala kugwiritsa giya ija.

Ndinayang'ana m'lichero. Kabawuti kakuda kanalibemo.

Ndinakutumula mphasa. Ndinasesa khonde lonse, dothi lake n'kulisefa ndi sefa ya ufa. Amayi anafika pamene ndinali chogwada, ndikulira mosatulutsa mawu, ndipo sanandikalipire nkomwe za sefayo. Amalume anatsokomola nthawi yaitali, kenaka analoza pabwalo ndi chibwano.

"Ndi tambala uja. Ndinamuona akujompha m'lichero. Tidikire, kadzatuluka kokha."

Ndipo ine, mwana wa sukulu, wowerenga zilankhulo ziwiri, ndinakhala mlonda wa kumbuyo kwa tambala. Ndinkamutsata kudzala, kunkhokwe, kudimba la anthu oyandikana nawo, ndili ndi kamtengo kofukulira zitosi. Anzanga anandipatsa dzina limene sindilemba pano, chifukwa ena a iwo adakali moyo ndipo angalikumbukire. Lero ndimaseka. Nthawi imeneyo sindinkaseka, chifukwa m'mawa uliwonse chifuwa chija chinkamveka mpaka panjira, ndipo ndinkadziwa kuti amalume sakupita kuchipatala chifukwa ine sindinayang'anire bwino lichero.

M'mawa wina amalume analephera kudzuka okha kuti akakhale pakhonde. Tinachita kuwagwira uku ndi uku. Titawakhazika, amayi analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi mpeni. Sanaitane munthu wowagwirira tambala. Anamuwazira gaga pafupi ndi mapazi awo, n'kumugwira miyendo kamodzi kokha.

Sanamusosole nthenga. Anamutumbula pomwepo, natulutsa nthutumba, naiika m'mbale, ikadali yofunda. Kwathu nthutumba sadya mwana, sadya mkazi, imapita kwa mwini khomo. Amayi anagwada pamaso pa mlongo wawo monga mwa mwambo, mbale ili m'manja onse awiri, mpeni uli pambali pake.

"Nthutumba ndi yanu, achimwene. Ndinu mwinimbumba. Funani nokha."

Amalume anaing'amba ndi manja awo onjenjemera aja. Ine ndinayandikira mpaka mphuno yanga inatsala pang'ono kulowa m'mbale. Munali timiyala toyera, njere za chimanga zofufuma, ndi kachidutswa ka botolo kosalala. Ndinasanthula ndi chala kawiri. Kabawuti munalibe.

Ndimakumbukira ntchentche imodzi ikuyenda m'mphepete mwa mbale, ndi magazi a tambala akulowa m'dothi lonyowa. Amayi sanadzuke pamene anagwada.

"Zatsala zathazi," anatero pang'onopang'ono. "Mundiuze, mawa ndiphe iti?"

Amalume anayang'ana kumapiri. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa bokosi la machesi, nalikankha ndi chala. Pakona, pansi pa mitengo ya machesi, panali kabawuti kakuda.

"Taona, mphwanga," anatero osandiyang'ana. "Kanagweramo."

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinawadzudzulanso, ine mwana, kuti akhale osamala ndi zipangizo, ndipo iwo anavomera kuti ndanena zoona.

Sindinalole kuti dzuwa lipendeke. Ndinalumikiza njanji m'litali mwa khonde, ndinazika tinsungwi tiwiri uku ndi uko, n'kumanga waya pamwamba monga chithunzi chinkaonetsera. Mabatire amayi anachotsa mu wailesi yawo osapemphedwa. Kabawuti ndinakalowetsa mosamala kwambiri, kuopa kuti kangagwenso. Ulendo uno amalume sananene kuti chapendekeka. Kamkono kanakhudza waya, kamoto kabuluu kanathetheka, fungo ngati la tsitsi lopserera linamveka, ndipo sitima inanyamuka. Inayenda pang'onopang'ono, ikulira ngati njuchi m'botolo, kudutsa pa mapazi a amalume mpaka kumapeto kwa khonde.

M'mawa mwake ngolo inabwera. Amayi anayalamo mphasa ndi mabulangete, nakhala pambali pa mlongo wawo. Chipatala chinawalandira bwino, chinayesetsa, koma fumbi la miyala linali litakhala m'chifuwamo zaka zambiri. Anabwerera kumudzi pa ngolo yomweyo tisanayambe kukolola, ndipo ulendo umenewo sanakhale tsonga, anali atatisiya.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. M'mawa umenewo ine ndinathamanga pambuyo pa ngolo mpaka pa mtsinje, ndikuwalonjeza amalume kuti akamabwera adzapeza nditawonjezera njanji za mawaya mpaka kuchigafa. Iwo anakweza dzanja. Pobwerera ndinkayenda ndikudumpha zithaphwi, wokhutira ngati mmisiri amene wamaliza ntchito yake pa nthawi. Chinthu chimodzi chokha chinkandizunguza mutu, ndipo ndinakhala nacho masiku ambiri: bokosi la machesi limakhala lotseka, tsono kabawuti kanagweramo bwanji? Komanso munthu wamkulu, woyendetsa sitima zenizeni, amene ankayatsa machesi tsiku ndi tsiku, zinatheka bwanji osakaona masiku onse aja ine ndikutsata tambala?