Mwendo wa a Chacha

Chaka changa chachiwiri ku Dubai ndinkagwira ntchito m'khitchini ya hotela ina, kutsuka mapoto ndi kunyamula katundu wochokera kumsika wa nsomba. Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda cha kampani ku Hor Al Anz. Bedi la pansi pa langa linali la bambo wina wa ku India, wamkulu kuposa tonsefe. Tinkangowatchula kuti a chacha, ndiye kuti bambo aang'ono m'chinenero cha anzathu akumeneko. Ankayenda mokoka mwendo wakumanzere, ndipo sindinawafunsepo chimene chinawachitikira.

M'hotelamo munali thanki yagalasi yosungiramo malobusita, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zomwe alendo ankangoloza ndi chala kuti awaphikire. Zinkabwera zamoyo m'makireti, ndipo ine ndi a chacha ndi amene tinkazilowetsa.

Lolemba lina ndinasiya kireti imodzi kukhomo lakuseri, padzuwa, n'kupita kukamwa tiyi. Ndinaiwala. Pomwe ndinkakumbukira n'kuti zambiri zitafa kale. Supavaiza anandiitanira mu ofesi ndekha.

"Kireti ija inatsala bwanji panja?"

Ndinali ndi mantha. Ndinangoti, "Bwana, a chacha amachedwa. Mwendo uja. Ndimanyamula ziwiri iwo asanamalize imodzi."

Analemba kanthu papepala, nati, "Khalas, basi, pita."

Lachisanu linali tsiku lathu lopuma. Titadya chamasana, mnzathu wa ku Zambia, yemwe ankagwira ntchito yaulonda, anatulutsa filimu ya pa sidi imene anagula kwa ogulitsa mumsewu ku Deira. Pachikuto panali boti ndi mwamuna wonyamula mpeni.

"Bwelani mutambe, imwe," anatero m'Chinyanja cha kwawo, kutiitana kuti tidzaonere, "muli ndeu umu."

Munalibe ndeu. Inali nkhani ya mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kumene amuna onse ankakhalira kumira pansi pa madzi kukagwira malobusita. Chinenero chake sitinkachimva, tinkangowerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi. Malobusita apafupi anali atatha, choncho ankapita mozama kwambiri ndi zipangizo zakutha. Tsiku lina mwamuna wa m'filimuyo anatuluka m'madzi n'kugwera m'boti, miyendo osagwiranso ntchito. Mkazi wake ankamukoka pamphasa kuti akawothere dzuwa, kwinaku mng'ono wa mwamunayo akukonzekera kukalowa m'boti lomwelo.

Pamene mwamunayo ankayesa kuimirira n'kugwanso, wa ku Zambia uja anakuwa, "Yalla, nyamuka, habibi, m'bale wanga!" Tinaseka. Ineyo ndinaseka kwambiri.

A chacha anali atakhala pabedi lawo akusoka batani. Anaika singano pansi.

"Apa opanga filimuwa alakwitsa," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Sugwa nthawi yomweyo. Umakwera m'boti uli bwinobwino, umacheza, umapempha fodya. Kenako msana umayamba kutentha ngati akuthira madzi owira. Ukamafika kumtunda miyendo ndiye kuti yapita."

Wina anaimitsa filimu ija.

"Munagwirako ntchito imeneyi, chacha?" ndinafunsa.

Anati inde, kuyambira ali wamng'ono, iwo ndi mkulu wawo. Zitawachitikira zimenezi, anagona miyezi yambiri akazi awo akuwatembenuza ngati khanda. Mwendo umodzi unabwerera, winawo unakana. Pamene iwo anali chigonere, mkulu wawo ankamira kawiri kuposa kale kuti mabanja onse awiri adye. Tsiku lina mkuluyo sanatuluke m'madzi. Alamu awo ndi ana anatsala m'manja mwa a chacha, n'chifukwa chake anabwera kudzatsuka mapoto atakula chonchi.

"Tiyeni ipitirire," anatero, n'kutolanso singano. "Ndione ngati mng'ono wakeyo abwereko."

Sindikumbuka mmene filimuyo inathera. Ndinkangoyang'ana pansi.

Ndinatsimikiza mtima kuti Loweruka m'mawa ndikaulula kwa supavaiza. Ndinafika mpaka pachitseko cha ofesi, ndinamva akulankhula pafoni, ndinabwerera. Lamlungu ndinati mawa. Kwathu ku Ntcheu amayi ndi azichemwali anga ankadalira ine, ndipo ndinkadziuza kuti nkhaniyo yazilala kale.

Patatha milungu itatu mabwana anawauza a chacha kuti kontirakiti yawo ikatha sawapatsanso ina. Anati ntchito ya m'khitchini imafuna munthu wachangu. A chacha anabwera kuchipinda n'kutiuza modekha, ngati akunena za nyengo.

"Mwendo ndi umenewu," anatero. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzauona."

Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Pepani, chacha. Inshallah mupeza kwina."

Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira sutikesi mpaka pa basi ya kampani yopita ku bwalo la ndege. Sutikesiyo inali yopepuka. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Iwe umandithandiza makireti olemera," anatero. "Shukran, zikomo, mwana wanga."

Basi itachoka ndinabwerera kuchipinda. Bedi lawo anali atalipereka kale kwa munthu wina wongofika kumene, yemwe ankayala zofunda zake. Ndinagwira ntchito pahotelapo zaka zina zinayi, mpaka anandikweza kukhala wothandizira ophika. Adiresi ya a chacha sindinaitenge, ndipo sindikudziwa ngati atafika kwawo anabwereranso kunyanja.