Mwala wa achimwene nawonso ngwobwera

Loweruka lapitali Tadala, mwana wa achemwali anga, anabweretsa bwenzi lake ku Bangwe kuti malume wake, achimwene athu aakulu a Phiri, amuone. Popanda mawu awo ukwati kulibe. Ine ndinamuperekeza mtsikanayo.

Achimwene anakhala pa mwala wawo wa pakhomo, ule amaukonda kuposa sofa.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ndinabadwira ku Zingwangwa," anayankha mnyamatayo, dzina lake Lonjezo.

"Ndati kwanu."

"Makolo ndi a ku Nsanje."

"Eya, obwera. Ife ndife eni ake, ngati mwala uwu. Sunasunthepo."

Munthu wochenjera akanangoti zoona. Koma Lonjezo ntchito yake ndi yofufuza miyala, ndipo anthu a sukulu pakamwa pamawayabwa. Anagwada n'kuyamba kusisita mizere ya mwalawo.

"Pepani amalume, miyala yamizere ngati uwu yambiri inayamba ngati matope pansi penipeni pa nyanja yamchere. Zigawo za dziko zimayenda pang'onopang'ono. Ziwiri zinagundana, nyanja ija inatsekeka, matope anapanikizika, anapsa, kenako anakankhidwira pamwamba."

Tadala anaphimba nkhope. Ine ndinayamba kuganiza zokabweza chitenje chimene ndinagulira ukwatiwo.

Komatu abale, funso ili la kwanu n'kuti tidzatopa nalo liti? Munthu wabadwira mu Blantyre, mano wagululira momwemuno, ngakhale makondakitala a minibasi amamudziwa dzina, koma akafuna nyumba ya lendi kapena mkazi, timamufukula mpaka agogo ake. Amene timafunsafe, mukatikanda pang'ono, mupeza Mulanje, Mangochi, ngakhale kutsidya kwa malire. Zimandipweteka, chifukwa mabanja abwino ndawaona akufera pafunso limeneli.

Achimwene anayang'ana mwala uja pakati pa miyendo yawo.

"Ndiye mukuti ndakhalira matope?"

"Akalekale, amalume."

"Anafika liti kuno?"

"Anthu asanakhaleko n'komwe."

"Basi, wakhalitsa, ndi wathu," anatero akuupapasa mwalawo. "Inunso mukhalitse. Kauzeni akwanu abwere tidzakambirane."

Tadala analira ndi chimwemwe, inenso misozi inalengeza. Koma pobwerera, nditapanikizika mu minibasi, chinandivuta ndi ichi: mwala tinaukhululukira chifukwa unafika ife kulibe. Nanga mnzathu amene moyo wake ndi waufupi ngati wathu, akhale zaka zingati kuti tisiye kumufunsa kwawo?