Tchula Mwamunayo, Asiyatu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene achemwali anga, a Asiyatu, anayamba kutupa pamimba. Tinkakhala kwa Kawinga, masiku a chipani chimodzi, pomwe mtsikana akangoganiziridwa kuti ali ndi pakati, sukulu inkathera pomwepo. Achemwali anawachotsa osawafunsa n'komwe.

Ankasanza, kuchimbudzi osapita, nkhope itafota ngati mfutso. Amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, omwe mlandu sunkawadutsa m'mudzimo, anaitana anakanga olangiza atsikana, n'kuwalowetsa achemwali m'nyumba.

"Tchula mwamunayo," anatero amayi aakulu.

"Iyayi, mayi, palibe. M'mimba mukungondiluma."

Ndinalowa n'kunena zomwe ndinaona kuseri kwa nkhokwe, kuti achemwali anasanza njoka yoyera, yaitali ngati luzi. Amayi aakulu anandiwomba khofi lomwe ndimalimvabe.

"Njoka za m'mimba aliyense ali nazo. Tuluka, mwana wopanda mwambo!"

Ndinaima pakhomo. Anawagoneka chagada pamkeka, anakanga n'kugwada n'kuyamba kufinya pamimba ndi manja onse, ati amve mutu wa mwana. Achemwali anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Kenaka anatchula dzina la mnyamata wina wogulitsa matemba a ku nyanja ya Chiuta, yemwe sanalankhulanepo naye. Azimayiwo anatuluka akumwetulira, ati ntchito yatheka.

Pamene amalume ankathamangira kukagwira mnyamatayo, pamimba pa achemwali panali patauma gwa ngati thabwa, thupi lili juu. Amayi anga, omwe nthawi yonseyi anali chete poopa akulu awo, anabwereka ngolo n'kupita nawo kuchipatala.

Dokotala atang'amba sanapeze mwana. Anapeza njoka zitapotana n'kutseka matumbo, zina zitatulukira pomwe panabooka, zonyansa zitamwazikira m'mimba monse. Achemwali anamwalira mawa lake.

Pamaliro amayi aakulu ndiwo analira mokweza kuposa onse, namati zonse amalemba ndi Mulungu. Mnyamata uja amalume anali atamugulula kale mano. Palibe amene anapepesa.

Mpaka lero sindidziwa ngati zinaboola matumbo ndi njokazo kapena manja aja. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti munthu ukamufinya mokwanira amavomera chilichonse, ndipo omufinyawo amakagona tulo poganiza kuti apeza choona. Amayi aakulu anakalamba mpaka kuchita khungu, ndipo ndine ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa. Anamwalira ndisanawakhululukire.