Makatuni a ku Japan m'nyumba mwa a Gondwe

Ndikangomva fungo la waya wopsa, lija limatuluka chitsulo chowotcherera chikakhudza mtovu, maganizo anga amathamangira ku Sparkhill, kuno ku England, m'kachipinda ka a Gondwe, momwe munali ma TV otsegula kumsana, matepi osanjikizana mpaka pawindo, ndi hita ya gasi imene inkapuma ngati munthu wodwala chifuwa. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Adadi ankaphunzira ku yunivesite pa sikolashipu ya boma la kumudzi, amami ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ine Tiyamike, mwana mmodzi yekhayo m'nyumbamo, ndinkayenda ndi kiyi pachingwe m'khosi.

A Gondwe anali aneba athu, khoma limodzi. Anali Mmalawi mnzathu wa kumpoto, wamtali, wa imvi, wokonza ma TV ndi mavidiyo. Koma kwathu sankalowa, kutchalitchi komwe Amalawi tinkakumana ku Nechells sankaoneka, ndipo dzina lawo likatchulidwa pagulu anthu ankayamba kukamba za kuzizira. Lamulo la amami linali lalifupi: "Ukakumana nawo usaime. Akakuitana unene kuti ukufulumira."

Chifukwa chake sanandiuze, ndiye ndinadzipangira changa. Zala ziwiri za kudzanja lawo lamanzere zinali zopindika, ndipo madzulo tinkamva kudzera pakhoma mawu a anthu akukuwa m'chilankhulo chosadziwika, nthawi zina mwana akulira mosatonthola. Ndinatsimikiza mumtima kuti a Gondwe amatsekera anthu m'nyumbamo.

Tsiku lina mu Novembala chingwe chija chinaduka, kiyi n'kutayika. Ndinazindikira ndili kale pakhomo, folo koloko, kunja kutachita kale mdima monga kumachitira kuno nthawi yozizira, mvula ikulowa m'nsapato. Amami anali pa shifiti mpaka seveni. Ndinakhala pasitepe ndikunjenjemera mpaka chitseko cha a Gondwe chinatseguka.

"Iwe mwana wa a Kamwendo, udwala chibayo pamenepo. Lowa."

"Ndikufulumira," ndinatero, ndili chikhalire.

Anayang'ana ine, n'kuyang'ana chitseko chathu chokhoma. "Chabwino. Fulumirira muno, muli moto."

Ndinalowa. Anandipatsa thawulo ndi tiyi wotsekemera kwambiri, n'kubwerera pantchito yawo ngati ine palibe. Ndinafufuza ndi maso pomwe amabisa anthu aja, koma ndinangoona mawaya. Patebulo panali vidiyo ya kasitomala imene inameza tepi. Ataimasula, anaibwezeramo kuti ayese ngati makinawo achira.

Anali katuni, koma osati ngati aja tinkaonera Loweruka m'mawa. Munali mzinda wa nyumba zitalizitali, magetsi ofiira, ndi sitima ikuthamanga m'mwamba. M'sitimamo bambo wina wa suti anagwira nkhope yake, nkhopeyo n'kung'ambika pakati ngati papaya lakupsa, m'katimo n'kutuluka mawaya oyenda ngati nyongolotsi, magazi n'kuwaza pawindo lonse. Kapu inandipulumuka. Ndinabwerera m'mbuyo, maso ali kuchitseko.

A Gondwe sanazimitse. Anangoimitsa chithunzicho, nkhope ija ili ching'ambikire.

"Bwera pafupi."

Ndinapukusa mutu.

"Ukachithawa pano chikutsatira kubedi. Bwera."

Ndinasendera. Anayamba kudina kabatani koyendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Ndinaona kuti magazi aja anali timadontho tofiira tokhala ndi mzere wakuda m'mphepete, tikusuntha pang'onopang'ono. Kenako analoza ndi chala chopindika chija.

"Taona suti yake. Apa mabatani ndi atatu. Apa ndi awiri. Apa abwerera atatu. Amene anajambula apa anali atatopa, mwina njala itamupweteka. Ndi munthu ameneyu, wa burashi ndi penti, ngati ine ndi iwe."

Ndinapuma koyamba chilowereni. Anandiuza kuti makatuniwo ndi a ku Japan, komwe anatumizidwa ali mnyamata kukaphunzira kukonza makina oulutsira mawu a wailesi. Anakhalako chaka m'kachipinda kokhala ndi TV, ndipo chilankhulo cha kumeneko anachitola m'makatuni a ana. Mnzawo wa kumeneko ankawatumizirabe matepi. Anthu okuwa pakhoma aja anali amenewa.

"Koma izi ndi zatsopano, za anyamata a masiku ano," anatero. "Dikira ndikuonetse zakale."

Tepi imene anaikamo inali yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, chithunzi chikuphethira. Mayi wina anali kusoka m'kanyumba kakang'ono. Kenako pachitseko panamveka kugogoda. Chithunzi chinaima. Palibe chimene chinkayenda kupatula nthunzi ya m'ketulo, yomweyomweyo kumangobwereza. Pansi pa chitseko pankaoneka mithunzi ya nsapato za anthu awiri. Nyimbo panalibe. Ndinawerenga chamumtima mpaka twente, diso lokha la mayiyo n'kutembenuka. Chithunzi chotsatira, m'nyumbamo munalibe munthu, singano ili pansi.

Ndinafunsa m'Chizungu, monga ndinkayankhira aliyense masiku amenewo, kuti amutengera kuti.

"Sananene," anatero a Gondwe. "Akalewa analibe mphamvu yojambula zithunzi zambiri, ndiye ankaimika chimodzi kuti iwe uzidikira. Atsopanowa ali ndi zonse, amakuonetsa mpaka matumbo. Koma matumbo ukawaona kawiri wazolowera. Kudikira sikuzolowereka."

Ankalankhula akusisita zala zija. Usiku umenewo nkhope yong'ambika sinabwere m'maloto anga. Zinabwera nsapato.

Amami ndinawanamiza kuti ndinadikira kwa mnzanga wa kusukulu. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku a shifiti yaitali, ndinkalowa kwa a Gondwe mozemba. Tinkakangana ngati anthu amsinkhu umodzi. Ine ndinkati akalewo ndi aulesi, munthu amalankhula pakamwa pokha pakuyenda, ndipo mtambo umodzi umadutsa katatu kumbuyo kwake. Iwo ankaseka, n'kuvomera kuti m'zatsopano muli luso. "Taona mvula iyo pagalasi. Akale aja sakanaitha." Chimene sankagwirizana nacho n'chakuti atsopanowo sakhulupirira woonera, amamutafunira zonse. Za magazi sanandionetsenso. Anandiphunzitsa kujambula maso akuluakulu okhala ndi kadontho koyera, ndi kulemba dzina langa m'zilembo za ku Japan.

Zilembo zimenezo n'zimene zinatiika m'madzi.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi tinakhala m'holo kudya limodzi. Panabwera a Mbewe, bambo wa ku London amene ankayendera ophunzira a boma, akuti kudzaona ngati tikukhala bwino. Ankayenda ndi maswiti m'thumba la jekete, ndipo ankakonda kucheza ndi ana kuposa akuluakulu. Anandipeza ndikujambula kuseri kwa pepala la nyimbo.

"Koma ndiye luso. Nanga izi ndi zilembo zanji?"

"Dzina langa. M'Chijapanizi."

"Eti? Wakuphunzitsa ndani, mwanawe?"

"Ankolo a Gondwe."

Ndinayankha monyada, mokweza. Phokoso la masupuni linatha m'holo monse. A Mbewe anamwetulira, n'kundipatsa switi, n'kupinda pepala lija bwinobwino, n'kuliika m'thumba momwe munachokera switiyo.

Tinabwerera kunyumba pa basi. Ndinkayembekezera lamba, ndipo ndikanakonda lamba. Titafika, adadi anakhala pasitepe ya m'nyumba asanavule jasi, maso ali pakhoma la a Gondwe. Ndinali ndisanawaonepo akuopa kanthu.

"Tiya, a Gondwe si munthu woipa," anatero motsitsa mawu, ngati khoma lili ndi makutu. "Atabwerako ku Japan ankalandira makalata a mnzawo. Wina kuntchito anaona zilembo zosawerengeka, n'kukanena kuti ndi zinsinsi. Anawatenga masana, ali pantchito. Zaka zitatu, popanda khoti. Zala zija zinathyokera komweko. Atatuluka anathawa kudzera ku Zambia, ndipo aliyense wocheza nawo amalembedwa."

"Koma tili ku England," ndinatero.

"Ife tili kuno. Agogo ako ali ku Dedza. Amalume ako ndi mphunzitsi wa boma. Ndipo pasipoti yanga ili ndi mwini wake."

Patapita masabata awiri kalata inabwera. A Mbewe ankawaitana adadi ku London Lachisanu, kukakambirana. Mawu ake anali amenewo basi. Adadi ananyamuka m'mawa atavala suti ya ukwati wawo, ndipo amami sanapite kuntchito, ine sindinapite kusukulu. Tinkadziwa nkhani za anthu amene anaitanidwa kukakambirana n'kuuzidwa kuti akwere ndege, pabwalo la ndege kumudzi akuyembekezeredwa. Amami anasita malaya amodzimodzi katatu. Foni sinalire. Wotchi ya kukhitchini inkamveka mpaka kuchipinda chapamwamba.

Cha m'ma faifi kunamveka kugogoda. Ndinali m'khonde la m'kati, ndipo pansi pa chitseko ndinaona mthunzi wa nsapato. Sindinathe kusuntha. Amami anaima pambuyo panga, simbi ili m'manja, ndipo tonse awiri tinangokhala chiimire mpaka kugogodako kunabwereza.

Anali a Gondwe. Sanaponde ngakhale pasitepe. Anatambasula dzanja, ali ndi kapepala.

"Mayi, pepani. Ndamva. Akapanda kufika mpaka mawa m'mawa, muimbire munthu uyu, ndi loya, anandithandiza ine. Ndipo asalole kukwera ndege."

Amami anayang'ana mumsewu uku ndi uku, n'kulanda kapepalako, n'kutseka chitseko. Kenako anatsamira chitsekocho n'kuyamba kulira mopanda mawu.

Adadi anafika tikukonza chakudya chamadzulo. A Mbewe anawadikiritsa pabenchi maola anayi, kenako anawaonetsa pepala langa lija, n'kuwasainitsa kalata yolonjeza kuti banja lathu silidzayandikiranso adani a dziko. Sikolashipu sanawalande. Mwezi usanathe tinapeza nyumba ku Coventry, adadi n'kumayenda pa sitima kupita ku yunivesite.

Kutatsala masiku awiri kuti tisamuke, ine ndi amami tinali pa Stratford Road titanyamula makatoni opempha kusitolo. A Gondwe anatulukira kutsogolo kwathu, TV yaing'ono ili m'khwapa. Anaima.

"Tiya, uli bwanji?"

Amami sananditsine, sanandikoke dzanja. Ndinatembenuza nkhope ndekha, n'kuyang'anitsitsa nsalu za m'windo la sitolo mpaka ndinamva mapazi awo akupitirira.

Patadutsa chaka ndi miyezi, kumudzi anthu anavotera zipani zambiri, a Mbewe anasiya kuoneka, ndipo amene ankanong'ona aja anayamba kukamba mokweza kuti iwo ankadziwa kale kuti zidzatha. Loweruka lina adadi anavala jasi n'kunena kuti akupita ku Sparkhill kukapepesa.

"Tiye, Tiya."

Ndinati ndili ndi homuweki. Ndinalibe. Ndinkaopa kuti adzandiyang'ana bwanji.

Adadi anabwerako madzulo akununkha waya wopsa. Anati a Gondwe anawadula pakamwa asanamalize kupepesa, n'kuwaphikira tiyi, n'kunena kuti munthu wa ana sapepesa chifukwa choopa. Anafunsanso ngati ndikujambulabe, ndipo adadi anayankha kuti inde, ngakhale ankadziwa kuti pensulo ndinaisiya tsiku la m'holo lija. Ndinalonjeza kuti ulendo wotsatira ndipita. Ulendo wotsatira unali wa maliro a a Gondwe, patatha zaka ziwiri, ndipo tchalitchi chinadzaza ndi anthu omwe ankawoloka msewu akawaona.

Lero ndili ndi ana anga awiri kuno ku Coventry. Makatuni a ku Japan amaonera pafoni, osalala, opangidwa ndi kompyuta, opanda batani losowa ngakhale limodzi. Ndikawapezera akale amadandaula kuti palibe chikuchitika, ine n'kumawauza kuti adikire. Amandifunsa kuti zimenezi ndinazidziwira kuti, ndipo ndimawauza za tepi yomezedwa, za tiyi wotsekemera, za zala zopindika. Za pa Stratford Road sindinawauzebe. Ndikadutsa pamenepo pagalimoto ndimachepetsa liwiro pafupi ndi pomwe panali sitolo ya nsalu ija, ngakhale tsopano amagulitsapo mafoni. Munthu anandipatsa moni, ndipo moni umenewo ndikadali nawo, sindinaubweze.