Lachinayi la Felista

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, m'sitandade 8, pamene anandipatsa chitsa cha bulugama kuti ndizule chifukwa choyankha aphunzitsi. Mpaka lero abale anga akamaikamba nkhaniyi amaikamba ngati umboni woti ndinabadwa wamakani. Ine sindiwatsutsa. Makani ndili nawo ndithu, ndipo a tsiku limenelo sindinapepesepo kwa munthu.

Sukulu yathu inali chakufupi ndi Milonde. Chaka chimenecho mabuku anali ochepa zedi, moti aphunzitsi athu, a Nampinga, anatigawa m'magulu a ana asanu ndi awiri, gulu lililonse n'kulipatsa buku limodzi la masamu ndi limodzi la sayansi. Mabukuwo ankasunga ndi tcheya wa gulu, ndipo ankatsegulidwa pokhapokha gulu likakumana tikaweruka. Panalinso lamulo loti aliyense wojomba katatu achotsedwe m'gulu. Kuchotsedwako sikunali nkhani yamasewera. Kunali kukalowa m'chipinda cha mayeso usanagwirepo buku ndi manja ako.

Tcheya wathu anali Yohane, mwana wa akapitawo a ku esiteti ya tiyi. Sanali mnyamata woipa ayi. Vuto lake linali loti anakula akuonerera bambo ake akugawa mizere kwa othyola tiyi m'mamawa, ndiye ankaganiza kuti msonkhano uliwonse umayenda chomwecho: mmodzi kunena, enawo kunyamula madengu. Ine anandisankha kukhala mlembi chifukwa ndinkalemba zowerengeka, basi.

Misonkhano yathu inali ndi kachitidwe kake komwe tinakatengera kwa akuluakulu. Yohane ankaimirira, n'kunena zomwe waganiza kale ali m'njira, kenako n'kufunsa kuti, "Tagwirizana?" Ife tonse m'manja phwa, phwa, phwa, katatu. Akatero ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mlembi, lemba kuti onse agwirizana." Palibe ankayang'ana kuti waomba ndani, sanaombe ndani. Wokhala chete ankatengedwa kuti wavomera, ndipo atsikana ambiri tinali titaphunzitsidwa kunyumba kuti kukhala chete ndiwo ulemu.

M'gulu mwathu munali Felista, mtsikana wochepa thupi wochokera cha ku Muloza. Kwawo ankalankhula Chilomwe, ndipo Chichewa chake chinkamveka kuti chadutsa kumeneko. Anyamata ankamuseka akayamba kulankhula, ngakhale kuti ambiri a ife tikabwerera kunyumba tinkapeza makolo athu akulankhula chimodzimodzi. Chifukwa cha kusekedwako anazolowera kulankhulira pansi, maso ali pa mawondo. Koma pa masamu panalibe womuposa. Yohane yemweyo akakanika samu ankakankhira bukulo kwa Felista mwakachetechete, ngati kuti langotsetsereka lokha.

Mayeso atayandikira, a Nampinga anauza gulu lililonse kuti liwonjezere tsiku limodzi lokumana pa sabata. Tsiku lomwe tinakambirana zimenezi kunali chiperoni. Phiri la Mulanje silinkaoneka n'komwe, mvula yowaza inkalowa m'khonde momwe tinadzipanikiza, ndipo aliyense ankangofuna kupita kwawo. Felista anakhala pafupi nane, phewa lake litagunda langa, mayunifolomu athu akununkha chinyezi.

Yohane anati tizikumana Lachinayi, chifukwa ndilo tsiku lomwe anyamata sankapita ku mpira. Asanamalize kufunsa funso lake lija, Felista anatukula mutu pang'ono.

"Lachinayi ine sinditha, amayi amakhala awoloka," anatero.

Mawu akewo anakwiriridwa ndi kuomba m'manja. Koma ine ndinawamva, onse bwinobwino. Ndinkadziwanso tanthauzo lake: Lachinayi lililonse mayi ake ankawoloka malire kukaoda nyemba ku Milanje, ndipo Felista akaweruka ankathamangira kunyumba kukalandira azing'ono ake awiri kwa mayi woyandikana nawo. Ndinamuyang'ana, iyenso anandiyang'ana. Kenako Yohane anati ndilembe, ndipo dzanja langa linalemba kuti onse agwirizana.

Ndayesa kambirimbiri kudzipezera chifukwa chomveka, koma palibe. Ndinkamva kuzizira. Sindinkafuna kuti anyamata andiseke ndi ine ndemwe. Ndinadziuza kuti ngati ili nkhani yaikulu abwereza yekha. Sanabwereze.

Anajomba Lachinayi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Masiku enawo ankabwera monga kale, n'kumatithandiza masamu, osadandaula kanthu. Lolemba lotsatira a Nampinga anabwera ku gulu lathu, chifukwa kuchotsa munthu kunkafunika iwo alipo. Yohane anafotokoza mlandu ataimirira, manja kumbuyo. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiwerenge zomwe tinagwirizana, ndipo ndinawerenga. Felista anali pomwepo, kumapeto kwa benchi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi.

"Ndiye palibe nkhani apa. Mlembi, fufuta dzinalo," anatero a Nampinga.

Yohane anafunsa ngati tagwirizana, anzanga n'kuomba m'manja. Anthu asanu kuombera m'manja kuti mnzawo asaonenso buku, mwini wake ali pomwepo, ndipo palibe ngakhale mmodzi womufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinakwiya, koma mkwiyo wambiri unali wa pa ine ndemwe. Ndinaika cholembera pansi.

"Sindifufuta, aphunzitsi."

"Wati chiyani, Esinati?"

"Ndati sindifufuta. Felista ananena kuti Lachinayi sangathe, mayi ake amakhala atawoloka. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Nanga m'kope mwakomo mwalembedwa chiyani?"

"Bodza, aphunzitsi. Ndinalemba ndine."

A Nampinga anali munthu wosakonda kukweza mawu. Anangondifunsa ngati ndayamba kuwaphunzitsa ntchito. Pamenepo mwana wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ndinati, "Ayi aphunzitsi, koma simunamufunse. Si uyu ali apayu?"

Mawu amenewo ndi omwe anandigulira chitsa. Dzina la Felista anafufuta ndi Yohane, ndipo umlembi anandilanda tsiku lomwelo.

Chitsacho chinali kuseri kwa zimbudzi za anyamata, chachikulu moti ana awiri akanakhalapo osagundana. Ndinkachikumba tikaweruka, ndi khasu ndi nkhwangwa zochokera kwathu. Mizu ya bulugama imalowa pansi ngati ili ndi nkhani ndi munthu. Pofika tsiku lachiwiri m'manja mwanga munali matuza okhaokha, ena ataphulika, mpini ukumata. Ndinkalira, sindibisa, koma ndinkalira nditafulatira njira kuti odutsa asaone.

Kunyumba nako sikunali kothawira. Mayi anga, omwe ankathyola tiyi pa esiteti yomwe ija, anagwira mutu atamva. "Iwe mwana iwe, ukufuna anthu azitiloza? Mwana wa akapitawo ndiye wokangana naye? Mawa ukagwade, ukapepese," anatero. Ndinawayankha mwaulemu kuti chitsa ndizula, koma kupepesa ayi, chifukwa sindinatukwane munthu. Anakhala masiku awiri osandilankhula, ngakhale madzulo ankandisiyira madzi ofunda amchere oviikamo manja.

Tsiku lachitatu a Nampinga anabwera kudzaima pamphepete pa dzenje. Anati ndikapepesa pamaso pa kalasi, chitsacho ndichisiye pomwepo. Ndinati ndimaliza. Anayang'ana mizu yomwe ndinadula, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mayi ake a Felistawo amawoloka kukatani?"

"Akamufunse mwini wake, aphunzitsi," ndinatero.

Ndinkayembekezera chitsa chachiwiri. Iwo anangopukusa mutu n'kuchoka. Koma mwini wakeyo sakanamufunsa, chifukwa kuyambira tsiku lomwe anamufufuta dzina lija Felista sanabwerenso kusukulu. Chitsa chitagwa, tsiku lachinayi, a Nampinga anandiitana n'kundiuza kuti gulu lizikumana Lachisanu, ndipo ndipite ndikamutenge mnzangayo. Sanati ndinalondola, inenso sindinati ndinalakwa. Tinasiyana chomwecho.

Loweruka ndinayenda wapansi kupita kwawo, ndikupatukira makabaza odzaza matumba ochokera kumalire. M'njira monse ndinkadzimva ngati ngwazi. Ndinkaona kale m'maganizo mmene andithokozere. Ndinamupeza pabwalo akusankha nyemba pa mphasa, mng'ono wake mmodzi atamukolekera kumsana. Ndinamuuza uthenga wa aphunzitsi, kenako ndinatambasula manja kuti aone matuza.

Anawayang'ana ndithu, mwachifundo. Kenako anabwerera ku nyemba zake.

"Pepa, Esinati. Koma iwe unamva tsiku loyamba lomwe lija, eti? Unandiyang'ana," anatero.

Ndinakhala pansi pa mphasapo n'kuyamba kumuthandiza kusankha nyemba, manyazi atandigwira kuposa mmene anandigwirira pa chitsa paja. Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipako kukanandipepukira.

Lolemba anabwera kusukulu. Mayeso analemba ndipo anakhoza, koma ku gulu sanatsegulenso pakamwa, ngakhale pa masamu. Akamukankhira buku ankalemba yankho n'kulibweza osanena kanthu. Dzina lake linabwerera m'kope, koma mawu ake sanabwerere.

Lero ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Mulanje Boma, ndipo ophunzira anga nawonso amagwira ntchito m'magulu. Ndimadutsa gulu ndi gulu, osamvetsera kwenikweni amene akulankhula, chifukwa ameneyo adzamveka ndithu. Ndimayang'ana uja watukula mutu n'kuubwezanso pansi. Ndikamuona ndimaimitsa zonse mpaka anene zomwe amafuna kunena, kaya belu lalira. Aphunzitsi anzanga amati ndimatalikitsa misonkhano, ena amanditcha wovuta ndikatembenuka. Anene. Ndatchedwapo mayina oposa amenewo, ndipo sindinafe.

Ndikanabwerera ku sitandade 8, a Nampinga ndikanawayankhanso chimodzimodzi, mawu omwewo, ndipo chitsa ndikanachizulanso. Koma tsopano ndikudziwa kuti makani amenewo anabwera mochedwa ndi masabata atatu. Kumva sindinalephere, makutu anga anagwira ntchito yake. Chimene ndinalephera ndi kunena nthawi yomweyo, pa khonde paja, mawu atatu okha: "Dikirani, Felista akulankhula." Mawu amenewo sakanandiphulitsa thuza ngakhale limodzi, koma ndinawameza, ndipo amene analipira sindine.