Bowo la pa malata a agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la feteleza limene mphepo inkabweretsa ku Kafue Estates, ndipo ndimaona kadzuwa kakulowera pa bowo la malata m'kachipinda kawo ka kuseri. Bowolo analiboola okha ndi msomali. Mvula ikagwa, ambuya, akazi awo, ankatchera beseni uku akunyinyirika, koma agogo ankangokhala ngati sakumva.

Anagwira ntchito yoyeza zinthu mu labotale ya pafakitale zaka zambiri, mpaka nthawi ija makampani anayamba kuchotsa anthu. Nawonso atachotsedwa, anabwera kunyumba ndi ovololo ndi kagalasi ka ngodya zitatu kamene kanatayidwa. Masana aliwonse ankakatchera pa kuwala kwa pabowo paja, mitundu n'kuyalana pakhoma kuyambira wofiira mpaka wa buluu. Polekezera mtundu uliwonse ankalemba kamzere ndi pensulo, koma dzuwa likasuntha mitundu inkachoka pa timizereto, iwo n'kumadandaula kuti kuwala kulibe rula. Ankati akuchita zimenezi kuti maso asaiwale ntchito, poti tsiku lina adzawaitananso. Nsapato zakuntchito ankazipukuta Lamlungu lililonse.

Tsiku lina, ndili ndi zaka khumi, ndinawaona akulemba mzere pakati penipeni pa mtundu wachikasu, pomwe panalibe malire alionse. Ine ndi pakamwa panga posatseka, ndinaseka n'kuwauza kuti aphonya. Anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khoma, nayang'ana nthawi yaitali.

"Misozi, na menso banayachosa nchito," anatero chapansipansi. "Usabauze ambuya bako."

M'mawa mwake anakwera padenga n'kumata bowolo ndi phula. Ambuya anakondwa, osadziwa chifukwa chake. Nsapato zija sanazipukutenso, ndipo kagalasi anandipatsa ine. Kuseka kuja kumandiwawa mpaka pano.

Lero nanenso ndine wa mu labotale, kutali ndi Kafue. Timathamangitsa kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza m'kaulusi ka galasi kowonda ngati tsitsi, ndipo kumatuluka kutagawika m'timizere tambirimbiri totalikirana mofanana ngati mano a chipeso, kuyambira kofiira mpaka kwa buluu. Timizere timeneti sitisuntha ndi dzuwa. Ndi rula ija agogo ankaisowa.

Tsiku limene tinationa koyamba pamakina, anzanga anawomba m'manja. Ine ndinangofumbata kagalasi kaja m'thumba, ndikulakalaka khoma lija ndi dzanja loti ndiligwire n'kunena kuti, "Agogo, lembani apa."