Mkulu Wopanda Ndevu ndi Matumba a Nsapato

Kwawo ankamutchula Chitsiriza, poti anali womaliza kubadwa, ndipo onse a patsogolo pake anali akazi. Mpaka kumaliza sekondale, mnyamatayu anali asanachapeko malaya ake, asanasiteko, asanawiritseko ngakhale madzi. Akati agwire tsache, mlongo wina ankamulanda. Akati aponyepo mawu pa nkhani ya m'banja, amayi ake ankamudula kuti, "Iwe tapita panja, pano pali akuluakulu."

Ndiye mpingo wawo, uja anthu amautchula wa Amomoni, unamutuma kutali kukalalikira kwa zaka ziwiri, ndipo tsiku loyamba anamupachika kabaji kakuda pachifuwa kolembedwa kuti Mkulu. Mumpingomo ndi momwe amatchulira anyamata onse otumidwa, kaya ndevu zamera kaya ayi. Alongo ake ataona chithunzi anaseka mpaka wina anatsamwa.

Kumene anamutumako ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa sitolo ya utoto, pamodzi ndi mnzake wa utumiki amene ana a mumsewumo anamupatsa dzina loti Mlongoti chifukwa cha msinkhu. Lamulo linali loti awiriwa asasiyane: kumene wapita wina, mnzake akhale poti akumuona ndi kumumva. Chimbudzi ndi bafa zokha ndizo zinkawapatsa tchuthi. M'chipinda munali mabedi awiri achitsulo, tebulo la mwendo umodzi waufupi lochirikizidwa ndi katoni, mapu a tauni pakhoma, ndi chingwe choyanikapo malaya oyera. Ankadzuka kusanayere bwino, kupemphera, kuwerenga, kenako tayi pakhosi, chikwama paphewa, ulendo wokagogoda pa mageti. Mageti ambiri ankayankhidwa ndi agalu. Ena ankayankhidwa ndi kamwana kotumidwa kudzanena kuti, "Amayi akuti kulibe."

Malaya oyera a Chitsiriza sanachedwe kutuwa, ndipo kolala ya ena inali ndi chipsera cha simbi. Tsiku limodzi pa sabata linali lochapa ndi kuimba foni kwawo. Amayi ake ankafunsa funso lomwelomwelo: "Koma ukudya?" Za anthu amene watembenuza sankafunsa, ndipo iye ankathokoza chamumtima, poti panalibe ngakhale mmodzi.

Zinayamba kugonja ndi nsapato. Yakumanja inayasamula kutsogolo, ndipo anapita nayo pakona pa msewu, pakhonde la telala, pomwe pankakhala bambo wina wosoka nsapato, waimvi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Bamboyo anawerenga bajiyo, n'kuyang'ana chibwano chosalalacho, n'kuwerenganso bajiyo.

"Akulu, khalani apa," anatero, akumukankhira chitini cha utoto.

Chitsiriza anakhala, phazi limodzi lili m'sokosi, n'kuyamba kuphunzitsa. Bamboyo ankangogwedeza mutu, ulusi uli kukamwa. Atamaliza kusoka anati, "Mubwere kunyumba Lachinayi. Makamaka mayi akunyumba ndi amene akufunika mawu amenewa."

Anyamatawo anabwerera mapazi osagunda pansi. Munthu kuwaitana yekha, popanda galu!

Nyumbayo inali pa mzere wa nyumba za lendi zogwiritsa ntchito mpopi umodzi. Pabalaza panali mipando yoyalidwa tinsalu toluka ndi kabati ya magalasi. Koma pakona, kuseri kwa chitseko, pansi pa tebulo, paliponse panali matumba, ndipo m'nyumba monse munkanunkha chikopa chakale ndi guluu. Zinali nsapato zomwe anthu anasiya kuti zikonzedwe n'kusabweranso. Bamboyo sankataya ngakhale imodzi, ati mwini wake adzabwera.

Mkazi wake, mayi wojintcha amene ankagwira ntchito yochapa kuchipatala, anabwera ndi tiyi.

"Pepani amayi, ife tiyi sitimwa. Mpingo suloleza," anatero Mlongoti.

"Khofi?"

"Nayenso ayi."

Mayiwo anawayang'ana monga amayang'anira odwala kuntchito kwawo, n'kubwerera kukhitchini. Anabwera ndi madzi otentha othira mkaka ndi shuga. "Wa ana," anatero, n'kukhala pampando wa kutali ndi amuna awo.

Chitsiriza anatsegula kabuku ka zithunzi, pa tsamba la bambo, mayi ndi ana atavala zoyera akumwetulira. Phunziro limeneli ankalidziwa pamtima ndipo ankalikonda.

"Uthenga wathu ndi wakuti banja silithera kumanda. Mwamuna ndi mkazi angathe kukhala limodzi mpaka muyaya."

Mayi aja anaika kapu pansi. "Mpaka liti?"

"Muyaya, amayi."

"Ndi awa?" Analoza amuna awo ndi milomo. "Ife tsiku la ukwati anatiuza kuti imfa idzatilekanitsa. Zaka zonsezi ndapirira ndi mawu amenewo. Ndiye inu mwabwera kudzandilanda nawonso?"

Apa m'pamene zinadziwika kuti awiriwa anali asakulankhulana kuyambira tsiku lomwe mayi anatenga thumba limodzi n'kukaliponya kudzala, bambo n'kukalitolanso.

"Akulu, auzeni mayiwa kuti katundu wa eni satayidwa," anatero bamboyo.

"Akulu, afunseni bambo anuwa ngati kumwambako matumbawa adzapita nawo, ndidziwiretu."

"Auzeni kuti nsapato zimenezi ndi zomwe zalera ana m'nyumba muno."

"Auzeni kuti mng'ono wanga atabwera kudzacheza anagona atatsamira majombo a mlonda."

Khosi la Chitsiriza linatopa ndi kutembenuka. Anayang'ana Mlongoti, amene anayamba utumiki iye asanabwere ndipo nthawi zonse ankakhala ndi vesi pamlomo, koma Mlongoti anali atapeza chinthu chochititsa chidwi m'kapu mwake.

"Inu ndinu akulu a mpingo," bamboyo anamaliza. "Weruzani."

Chitsiriza anali asanaonepo mmene mkangano wa m'banja umathera. Kwawo mawu akayamba kukwera ankamutulutsa, ndipo pobwera ankapeza anthu akudya. Chokha chimene anakumbukira ndi chimene anawaphunzitsa asananyamuke, kuti pakamwa pakakanika, manja agwire ntchito.

"Bwanji tibwere Loweruka," anatero, "titulutse nsapato zonse panja, tizisanje ziwiriziwiri, tione zomwe zikadali ndi moyo?"

Mayi anamva kuti zikatuluka sizibwereranso. Bambo anamva kuti zikapitidwa mphepo zilowanso zitasanjidwa bwino. Onse anavomera. Panjira Mlongoti anamumenya paphewa n'kumuuza kuti nzeru zoterozo sizichokera kwa munthu, ndipo Chitsiriza sanatsutse.

Loweruka anapinda manja a malaya, mataye n'kuwalowetsa m'kati, n'kuyamba kusenza. Matumba ena anatuluka pansi pa bedi, ena pamwamba pa wadirobu. M'thumba lina munatuluka khoswe ndi banja lake lonse. Anandandalika nsapato pabwalo kuchokera pakhomo mpaka pampopi: za gogoda, za sukulu, za mpira, tinsapato ta makanda omwe pano ali ndi makanda awo, ndi zina zakumanzere zokhazokha zomwe zinzake palibe ankadziwa kumene zinalowera. Chitsiriza anaimirira, manja m'chiuno, akuona kuti ntchito yakongola.

Chimene sanaganizire n'chakuti bwalolo linalibe mpanda.

Woyamba anali mayi wa saluni wa nyumba yachitatu, amene anabwera ndi ndowa kudzatunga madzi. Anaika ndowa pansi n'kutola gogoda wofiira wodyedwa chidendene.

"Izi si zanga izi? Taonani makoswe mmene azichitira! Zaka zonsezi muli nazo m'nyumba, kumandipatsa moni tsiku ndi tsiku?"

Mawu ake anaitana mzere wonse. Posakhalitsa bwalo linadzaza, aliyense akuwerama, kutembenuza, kuyeza. Wina anati bamboyo ndi wakuba waulemu. Wina anati, "Munthu wosunga mapazi a anzake pansi pa bedi, tidziwa bwanji kuti ndi nsapato zokha akufuna?" Bamboyo anangoima, magalasi atatsetserekera pamphuno. Chitsiriza anayesa kukweza dzanja kuti, "Abale, tiyeni tikhale ndi mtima wachikondi," koma mayi wa saluni anamuuza kuti apite akayamwe.

Kenako chitseko chinatseguka ndi mphamvu, akazi a bamboyo n'kutuluka akupukuta manja.

"Mwati chiyani? Tabwerezani ndimve." Anaima patsogolo pa amuna awo. "Inu amayi a saluni, gogodayu munamusiya mwana wanu ali kumsana, lero ali ku sekondale. Mumadutsa pakona paja tsiku lililonse mutayang'ana kumbali. Bambowa akusungirani m'nyumba mwanga, ine ndikusowa poponda, lero mwati ndi akuba? Mumsewu muno ndani sanayendepo pa ulusi wa bambowa? Aliyense atole zake azipita, ndipo wotukwana abwere atukwane ine."

Palibe anabwera. Anthu anatola zawo, ena n'kutola ndi za eni zomwe, bwalo n'kuyera.

Mayiwo anatembenukira amuna awo, maso ndi maso, osadzeranso mwa munthu. "Inunso, kumangoima ngati chitsa anthu akukutukwanani. Talowani mumwe madzi."

"Ndi anawa atibweretsera chipongwe pakhomo," bamboyo anadandaula.

"Nanga ndi ana, mumati atani? Munthu waimvi ngati inu kukatula nkhani za kuchipinda kwa mwana wa kolala yopserera!"

Bamboyo anayang'ana kolalayo n'kuyamba kuseka, mayinso n'kuseka, mpaka anagwirana mapewa. Chitsiriza anaima pakati pa nsapato zamasiye zomwe zinatsala. Banja linali litagwirizana, ndipo chimene linagwirizana chinali chakuti iye ndi wopusa.

"Mwanawe, tabwera kuno," mayi anamuitana. "Amakuchapira ndani?"

"Ndekha, amayi."

"Zikuoneka."

Tsiku lomwelo anamukhazika pampopi ndi beseni. Anamuonetsa kunyika, kutikita kolala ndi m'khwapa, kutsukuluza mpaka madzi ayere, ndi kuyesa simbi pa kansanza isanafike pa malaya. Mlongoti anaima chapafupi monga mwa lamulo, atagwirizira sopo.

Anyamatawo anapitiriza kupita Lachinayi lililonse kwa miyezi ingapo. Maphunziro onse anatha, ena mpaka kubwereza. Akafunsa za ubatizo, bambo ankati, "Tikuganizirabe," ndipo mayi ankanena poyera kuti angasiye zambiri koma osati tiyi. Mtsogoleri wa utumiki akafunsa za banjali, Chitsiriza ankayankha kuti likupita patsogolo. Silinali bodza: awiriwo tsopano ankakangana okha popanda wowatanthauzira.

Kutchalitchi anabwerako kamodzi. Mapemphero ankachitikira m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mankhwala, cha mipando yapulasitiki. Mayi anawodzera nyimbo yachiwiri isanathe. Bambo, pa nthawi ya pemphero pomwe mitu yonse inawerama, anaweramanso koma maso ali tong'o, n'kuyendera nsapato za mpingo wonse mzere ndi mzere. Potuluka anagwira chanza mtsogoleri wa mpingowo n'kumunong'oneza kuti chidendene chakumanzere chatha mbali imodzi. Kuyambira sabata imeneyo, pakhonde la telala pankapezeka madikoni, amayi a kwaya ndi anyamata onse a mataye a m'tauniyo, aliyense phazi limodzi m'sokosi.

"Tinapita kukawedza munthu mmodzi," anatero Mlongoti, "iye watiwedza tonse."

Foni yoti Chitsiriza asamukire tauni ina inabwera mosayembekezereka, monga zimakhalira pa utumiki. Atapita kukatsanzika, bamboyo anamugwira dzanja nthawi yaitali. Mayi anamukalipira chifukwa chosanena msanga, ngati kuti iye ankadziwa, kenako analowa kukhitchini n'kukhalitsako. Chitsiriza anadabwa kuti kusiyana nawo kukumuwawa kuposa tsiku lomwe ankachoka kwawo.

M'basi anakhala pakati, mnzake watsopano wa utumiki kumanja, bambo wina wachipewa kuwindo. Bamboyo anamuyang'ana kuyambira tayi mpaka chikwama.

"Achimwene, ndinu a inshuwalansi?"

"Ayi, bambo. Koma tili ndi uthenga woti..."

Bamboyo anatsitsira chipewa kumaso n'kuyamba kuliza mkonono, basi isanatuluke n'komwe m'depoti. Chitsiriza anaika chikwama pamiyendo n'kudikira. Ulendo unali wautali, ndipo tulo tabodza timatopetsa mwini wake.